Ng'oma ya kutsidya

Agogo anga aamuna anali mmisiri wa ng'oma. Mudzi wathu uli m'munsi mwa mapiri a Chongoni kuno ku Dedza, ndipo usiku wa mu June kapena July, chisanu chikagwira, phokoso limayenda kutali modabwitsa. Tikakhala pamoto tikuwotcha mbatata, agogo ankatha kudula nkhani pakati n'kukweza dzanja kuti tonse tikhale chete. Ife ana tinkangomva mphepo ndi agalu. Iwo ankapendeketsa mutu kwa kanthawi, kenako n'kunena kuti: "Imeneyo ndi ya kutsidya kwa Linthipe. Ndi yaikulu, koma aiika phula lambiri, ndipo chikopa sanachiwambe bwino."

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Agogo, mukudziwa bwanji poti simunaione?" Anasonkhezera moto kaye asanayankhe. "Ng'oma sibisa, mwana iwe. Ikalira imanena thupi lake lonse."

Agogo anamwalira ndili ku sekondale, ndipo ndinkaganiza kuti luso limenelo lapita nawo. Lero ndimaphunzitsa masamu ndi fizikisi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Dedza, ndipo kwa zaka 10 tsopano ndakhala ndikutsatira kafukufuku wina amene amandibwezera pamoto paja nthawi zonse ndikamawerenga za iye. Kuli anthu ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana amene ntchito yawo ndi yomwe ija ya agogo: kumvetsera kulira kofooka kochokera kutali, n'kunena kukula ndi kulemera kwa chimene chaliracho asanachione ndi maso.

Lolemba pa 14 September 2015, nthawi ili 11:50 m'mawa kuno kwathu, ine ndinali m'kalasi, choko chili m'manja. Sindinamve kanthu. Palibe munthu padziko amene anamva kanthu m'thupi mwake. Koma pa mphindi imeneyo chinthu china chinadutsa m'dziko lonse lapansi. Chinadutsa m'phiri la Dedza, m'minda ya mbatatesi ya ku Bembeke, m'makoma a kalasi yathu ndi m'mafupa mwanga, n'kupitirira ulendo wake. Makina a malo awiri okha ndiwo anachigwira, onse ku America: ena ku Livingston m'chigawo cha Louisiana, ena ku Hanford m'chigawo cha Washington, motalikirana makilomita 3,000. Dzina lawo ndi LIGO. A ku Livingston ndiwo anayamba kumva, a ku Hanford anamva patapita magawo 7 mwa magawo 1,000 a sekondi. Asayansi anakhala nayo nkhaniyi miyezi isanu akudzifunsa ngati sanadzinamize, ndipo anailengeza pa 11 February 2016.

Chimene anamvacho chinali kugundana kwa maenje akuda awiri, aja amatchedwa black hole. Nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha nkhuni zake imadzigwera yokha, kulemera kwake konse n'kupanikizika pamalo aang'ono kwambiri, moti chilichonse chimene chalowamo sichitulukanso, ngakhale kuwala kumene. Dzenje limodzi linali lolemera ngati madzuwa 36, linalo ngati madzuwa 29. Ankazungulirana, akuyandikirana, akuthamangirathamangira, mpaka anaphatikizana n'kukhala dzenje limodzi lolemera ngati madzuwa 62. Samu imeneyi ndimakonda kuilemba pa bolodi osanena kanthu, chifukwa sipalephera mwana wina kukweza dzanja n'kunena kuti 36 kuphatikiza 29 ndi 65. Nanga madzuwa atatuwo anapita kuti? Anasanduka mafunde, ndipo zonsezo zinachitika m'kagawo chabe ka sekondi. Pachimake pa kugundanako, mphamvu imene inkatuluka inaposa kuwala kwa nyenyezi zonse zimene tingathe kuziona m'chilengedwe tikaziphatikiza. Mafundewo anayenda zaka pafupifupi 1.3 biliyoni. Pamene ankanyamuka, padziko lapansi panalibe mtengo, nsomba kapena nyama, koma tizamoyo tating'onoting'ono ta m'madzi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti kugwedezeka kwake kunayambira pa maulendo 35 pa sekondi n'kukwera mpaka 250. Pamenepo m'pamene khutu la munthu limamva. M'pamene ng'oma yaikulu imalirira. Mukaika kugwedezekako pa sipika, mumamva kaliwu kakafupi koyambira pansi n'kukwera mwadzidzidzi, kuti wuup, basi katha.

Ndinawamvetsera ana a Folomu 3 kaliwu kameneka pa foni yanga, kudzera pa kasipika kakang'ono kamene ndimayenda nako. Ena anaseka, ena anapempha kuti ndibwereze. Koma mtsikana wina wokhala cha kumbuyo, amene salankhulalankhula, anaimirira n'kunena kuti: "Aphunzitsi, munatiphunzitsa kuti phokoso siliyenda popanda mpweya. Kumwambako kulibe mpweya. Nanga limeneli lafika bwanji kuno?"

Funso limenelo ndiye pakhomo polowera nkhani yonseyi. Mwanayo ananena zoona: chimene chinafika kuno si phokoso. Ife tinazolowera kuganiza kuti malo ndi bwalo chabe limene zinthu zimavinirapo, bwalo losasuntha. Mu 1915 Albert Einstein anasonyeza kuti bwalolo nalo limavina. Malo ndi nthawi zimapindika pafupi ndi chinthu cholemera, ndipo kupindika kumeneko ndi kumene timakumva ngati mphamvu yokokera zinthu pansi. Chaka chotsatira, mu 1916, anawerengera kuti zinthu zolemera zikamazungulirana mothamanga ziyenera kugwedeza malowo, kugwedezekako n'kufalikira mbali zonse pa liwiro la kuwala. Choncho mafundewa safuna mpweya kapena madzi oti ayendemo. Chimene chimatanuka ndi kufupika ndi mtunda weniweniwo pakati pa zinthu. Funde likamadutsa, mtunda wochoka pa bolodi kufika pa desiki la mtsikana uja umatalikako pang'ono, pamene wochoka khoma la kumanja kufika la kumanzere ukufupikako, kenako zimasinthana.

Pang'ono bwanji? Apa m'pamene mutu umaima. LIGO ili ndi mikono iwiri yokumana ngati chilembo cha L, uliwonse wotalika makilomita 4, mtunda woyenda wapansi pafupifupi ola lathunthu. M'kati mwa mikonoyo anachotsamo mpweya wonse. Kuwala kwa laser amakugawa pawiri, kumayenda uku ndi uku pakati pa magalasi maulendo pafupifupi 300, kenako kumakumananso, ndipo mkono umodzi ukatalika kuposa unzake kuwalako kumaulula. Galasi lililonse limalemera makilogalamu 40, osafika ngakhale thumba la feteleza, ndipo limalendewera pa tingwe tagalasi topyapyala. Tsiku lija la mu 2015, kutalika kwa mikono ya makilomita 4 imeneyo kunasintha ndi kagawo kamodzi mwa magawo mazanamazana a proton, kanthu kamene kali m'kati mwa mtima wa atomu. Galimoto yodutsa pa msewu, mafunde a m'nyanja yamchere, chivomezi cha kutsidya lina la dziko, zonsezi zimagwedeza pansi kwambiri kuposa pamenepo. N'chifukwa chake anamanga makina pa malo awiri otalikirana. Agogo nawonso akakayikira ankafuula kwa mnzawo wa nyumba yoyandikana kuti, "Nanunso mwaimva?" Chimene chamveka ku Livingston kokha chikhoza kukhala thirakitala. Chimene chamveka konse kuwiri, mofanana, pa nthawi yoyenera, chachokera kutali.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchokera pa kuwerengera kwa Einstein kufika pa kumva koyamba panapita zaka pafupifupi 100, ndipo m'kati mwa zakazo mwini wakeyo anakayikirapo: mu 1936 iye ndi mnzake Nathan Rosen analemba kuti mafundewa kulibe, ndipo anabweza mawuwo atazindikira pamene masamu awo anaphonya. Rainer Weiss, Kip Thorne ndi Barry Barish analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa cha LIGO, koma ine monga mphunzitsi wa masamu ndimafuna ana anga adziwenso anthu ena amene sanagwire sikulu kapena galasi. Mayi wina wa ku France, Yvonne Choquet-Bruhat, anatsimikizira mu 1952 kuti masamu a Einstein ali ndi mutu: ukadziwa mmene zinthu zilili pa chiyambi, amakuuza mosaphonya chimene chitsatire. Mayiyu anamwalira mu 2025 ali ndi zaka 101. Ndipo kwa zaka zambiri makompyuta ankalephera kuwerengera kugundana kwa maenje akuda awiri, manambala ankasokonekera pakati pa njira, mpaka mu 2005 pamene Frans Pretorius, wobadwira ku Johannesburg, anapeza njira yoti kuwerengerako kufike kumapeto. Popanda ntchito ngati imeneyi, kaliwu ka mu 2015 kakanangokhala kaliwu. Agogo ankazindikira ng'oma za kutsidya chifukwa anali atasema zambiri ndi manja awo, atawamba zikopa zambiri, akudziwa chimene phula limachita. Asayansiwa sangaseme dzenje lakuda ndi sompho, choncho amalisema ndi masamu, n'kumva mmene liyenera kulirira, kenako n'kuyerekeza ndi chimene makina agwira.

Tsono nkhani ya ng'oma si fanizo langa lokha. Ndinadabwa kwambiri pamene ndinapeza kuti akatswiri a masamu anaifunsa ndendende. Mu 1911 Hermann Weyl anatsimikizira kuti ukadziwa mawu onse amene chikopa cha ng'oma chingalire, ukhoza kuwerengera kukula kwa chikopacho. Pamenepo agogo anapambana mlandu. Mu 1966 Mark Kac anafunsa funso lopitirira apo: kodi ungamvenso kaumbidwe kake? Funsoli linakhala losayankhidwa mpaka mu 1992, pamene Carolyn Gordon, David Webb ndi Scott Wolpert anapeza zikopa ziwiri za makonamakona, zosiyana kaumbidwe, koma zolira mawu ofanana ndendende. Choncho ng'oma ina imatha kubisa ndithu. Ndikanakonda agogo akanakhalapo kuti ndiwauze zimenezi. Ndikudziwa kuti akanafuna kuziona zikopazo, ndiponso kuti akanazisema kuti adzimvere okha.

Koma dzenje lakuda, malinga ndi masamu a Einstein, silibisa. Mu 1963 Roy Kerr wa ku New Zealand anapeza yankho lofotokoza dzenje lakuda lozungulira, ndipo yankholo limafuna manambala awiri okha: kulemera kwake ndi liwiro limene likuzungulirira. Palibe mapiri, palibe zipsera, palibe mbiri ya nyenyezi imene inafa. Maenje awiri akaphatikizana, latsopanolo limakhala lopindikapindika kwa kanthawi, n'kumanjenjemera ngati chikopa chimene changomenyedwa kumene, mpaka litakhazikika. Kunjenjemera kumeneko kuli ndi mawu ake. Dzenje lolemera limalira motsika, lopepuka limalira mokwera, chimodzimodzi mmene phula lomatidwa pakati pa chikopa limatsitsira liwu la ng'oma. Ukamva liwu limodzi, kukwera kwake ndi kufulumira kwa kuzilala kwake zimakupatsa manambala awiri aja. Ukamva lachiwiri, limenelo ndi mboni: ngati siligwirizana ndi loyamba, ndiye kuti Kerr ndi Einstein anaphonya penapake.

Mboni yomveka bwino inabwera pa 14 January 2025. Maenje awiri, lililonse lolemera kupitirira pang'ono madzuwa 30, pa mtunda wofanana ndi wa aja a mu 2015, anagundana, koma ulendo uno makina anali atanoledwa kwa zaka pafupifupi 10 ndipo kulirako kunamveka bwino katatu kuposa poyamba. Anamva mawu awiri m'kunjenjemera kwa dzenje latsopanolo, ndipo anagwirizana ndi masamu a Kerr. Anayesanso lamulo lina limene Stephen Hawking anatsimikizira pa pepala mu 1971. Dzenje lakuda lili ndi malire amene ukawadutsa subwerera, tinene kuti khungu lake, ndipo Hawking anati khungu limeneli silingachepe. Maenje awiri akaphatikizana, khungu la latsopanolo liyenera kuposa makungu a awiri aja kuwaphatikiza, ngakhale kuti kulemera kwina kwathawa ngati mafunde. Atawerengera anapeza kuti asanagundane makunguwo anali pafupifupi masikweya kilomita 240,000, ndiye kuti Malawi muwiri, nyanja yomwe. Atagundana anafika pafupifupi 400,000. Ndimaima kaye pamenepa nthawi zonse. Zinthu zolemera ngati madzuwa opitirira 60, koma khungu lake lonse ukhoza kulifunyulula pa Malawi ndi mbali ina ya Zambia. Hawking anamwalira mu 2018 asanamve zimenezi.

Pa pepala ntchito ikadalipo. Kodi dzenje la Kerr ukaligogoda limabwerera mwakale nthawi zonse, kapena pali kagogodedwe kena kamene kangalisokoneze? Makina akusonyeza kuti limabwerera, koma wa masamu safuna kumva kuti "zikuoneka choncho". Mu 2022 Elena Giorgi, Sergiu Klainerman ndi Jérémie Szeftel anamaliza umboni wa masamba opitirira 900 wotsimikizira kuti limabwereradi, koma umboniwo unakhudza maenje ozungulira pang'onopang'ono okha. Amene amabadwa pa kugundana amazungulira mothamanga kuposa pamenepo. Ana anga amadandaula samu ikadzaza tsamba limodzi, ndipo ndikawauza za masamba 900 amakhala chete, ena mwamantha, koma mmodzi kapena awiri maso amawala.

Za 17 August 2017 ndingozidutsa mwachangu, ngakhale zikanayenera nkhani yakeyake. Tsiku limenelo LIGO pamodzi ndi Virgo, makina a ku Italy pafupi ndi Pisa, zinagwira kugundana kwa nyenyezi ziwiri za neutron, zimene ndi zotsala zopanikizika kwambiri za nyenyezi zakufa, ndipo patangopita masekondi 1.7 makina a mumlengalenga anaona kung'anima kochokera komweko. Ulendo wa zaka 130 miliyoni, mafunde ndi kuwala n'kufika mosiyana masekondi osakwana awiri. M'phulusa la kugundanako anaonamo zizindikiro za zitsulo zolemera zikubadwa, gulu la golide ndi platinum. Apo ng'oma inamveka, woimbayo n'kuonekanso.

Kumene mtima wanga wakhala ukukokera posachedwapa ndi kwina, kumene nkhani ya zinthu zazikulu kwambiri imakumana ndi ya zinthu zazing'ono kwambiri. Utachotsa magalimoto onse, zivomezi zonse ndi mpweya wonse, LIGO imakhalabe ndi phokoso lina losachotseka, ndipo limachokera m'kuwala momwemo. Sayansi ya quantum, ya zinthu zazing'ono kwambiri, imene inakwanitsa zaka 100 mu 2025 kuwerengera pa ntchito ya Werner Heisenberg ya mu 1925, imati kuwala sikuyenda ngati madzi a mu mpopi koma ngati timadontho. Amene anagonapo m'nyumba ya malata mvula yowaza ikugwa akudziwa chimene ndikunena: madontho safika mwa ndondomeko, pena awiri pamodzi, pena kadanga. Kusalongosoka kumeneko kumaphimba mawu okwera. Ukawonjezera kuwala kuti kusalongosokako kuchepe, timadontho tija timayamba kukankha galasi la makilogalamu 40 lija mosalongosokanso, n'kuphimba mawu otsika. Lamulo la Heisenberg limati sungachotse zonse ziwiri nthawi imodzi. Zili ngati chubu cha njinga chopopa: ukachifinya apa, chimatupa apo.

Koma lamulolo silikuletsa kusankha pofinya. Carlton Caves anaona zimenezi mu 1981, ndipo kuyambira mu 2019 LIGO yakhala ikugwiritsa ntchito kuwala kofinyidwa motero. Mu 2023 anawonjezera chipaipi china cha mamita 300 chimene chimathandiza kufinya mbali ina pa mawu okwera ndi mbali inayo pa mawu otsika. Kumveka bwino kwa kugundana kwa mu January 2025 kunadalira luso limeneli. Taganizani: kuti timve zinthu zolemera ngati madzuwa 30, tayenera kunyengerera timadontho ta kuwala. Sayansi ziwirizi, ya Einstein ndi ya quantum, zikugwirira ntchito limodzi m'chipaipi chimodzi ku Louisiana.

Komatu pa pepala sizinagwirizanebe, ndipo pamene zimakanganira kwambiri ndi pa khungu lija la dzenje lakuda. Jacob Bekenstein, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anaona kuti kukula kwa khunguli kumawerenga kuchuluka kwa zimene dzenjelo labisa. Mu 1974 Hawking anawonjezerapo malamulo a quantum n'kupeza kuti dzenje lakuda si lakuda kotheratu: limatulutsa kutentha pang'onopang'ono, limachepa, ndipo pakapita nthawi yaitali zedi limatha. Lamulo lake la mu 1971 lija limagwira pamene sitikuwerengera za quantum. Vuto n'lakuti quantum imati uthenga sutayika. Ukawotcha kalata, palibe angaiwerengenso, komabe utsi, phulusa ndi kutentha zimasunga zonse zimene zinali pa pepalalo. Nanga kalata imene yagwera m'dzenje lakuda, dzenjelo n'kudzatha, uthenga wake uli kuti? Anthu alimbana ndi funsoli kwa zaka 50. Mu 2019 Geoff Penington, komanso gulu la Ahmed Almheiri, Netta Engelhardt, Donald Marolf ndi Henry Maxfield, anapeza kawerengedwe katsopano kosonyeza kuti uthengawo umatuluka ndithu pamodzi ndi kutenthako. Anachita zimenezi pa zitsanzo zopepukitsidwa, ndipo mkangano wa mmene umatulukira ukupitirira. Ine ndimakopeka ndi mbali imene imati sutayika, mwina chifukwa ndinakula ndikumva kuti ng'oma imanena thupi lake lonse.

Mlamu wanga amagulitsa mbatatesi ndi kabichi pa msika wa Lizulu. Tsiku lina nditamufotokozera zonsezi anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anati: "Alamu, nkhani yake ndi yokoma. Koma maenje anuwo atsitsa mtengo wa feteleza?" Sanafunse monyoza. Ali ndi ana asanu ndipo chaka chimenecho mbewu inamuvuta. Ndinamuuza zoona, kuti satsitsa. Ndinamuuzanso kuti foni imene amalandirira ndalama kwa ogula a ku Lilongwe siikanakhalapo popanda sayansi ya quantum, imene pa chiyambi inkaonekanso ngati yopanda ntchito, ndiponso kuti mawotchi a pa masetilaiti a GPS amathamanga ndi magawo 38 mwa magawo 1 miliyoni a sekondi tsiku lililonse poyerekeza ndi athu pansi pano, monga Einstein ananenera, moti akanapanda kuwakonza mapu a pa foni akanamasochera ndi makilomita pafupifupi 10 pa tsiku. Anagwedeza mutu kuvomereza. Koma ndikanama ndikanena kuti chimenecho ndicho chifukwa chimene ine ndimakhalira maso usiku ndikuwerenga zimenezi. Agogo sankadula nkhani pakati n'kutchera khutu chifukwa choti ng'oma ya kutsidya iwapatsa chimanga. Ankafuna kudziwa chimene chikuchitika kutsidyako, ngati ndi maliro kapena chinamwali, ndipo kwathu munthu wotero sitinkamuona ngati wotaya nthawi.

Chimene chimandipweteka ndi china. Kumvetsera kumeneku kwafika kale mu Africa. M'chipululu cha Karoo ku South Africa kuli MeerKAT, mbale zikuluzikulu 64 zomvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Zimatsatira nyenyezi zakufa zotchedwa pulsar, zimene zimazungulira n'kumaphethira mosaphonya ngati wotchi. Funde lalitali kwambiri, lotenga zaka kuti lidutse kamodzi, likamadutsa pakati pa ife ndi nyenyezizo, kuphethirako kumafika mofulumirako kapena mochedwerako. Mu June 2023 magulu a ku America, ku Ulaya, ku Australia ndi ku China analengeza zizindikiro za mafunde otere, amene akuganiziridwa kuti amachokera ku maenje akuda aakulu zedi a m'katikati mwa milalang'amba, ndipo mu December 2024 gulu la MeerKAT linatulutsa zotsatira zake litatsatira ma pulsar 83 kwa zaka zinayi ndi theka. Pa ntchito yaikulu ya SKA, makina ena aakulu kwambiri omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, imene ikumangidwa kumeneko ndi ku Australia, mayiko 8 a mu Africa ndi othandizana ndi South Africa: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Pa Lizulu pomwe mlamu wanga amagulitsira, ukangodumpha msewu wa M1 wafika ku Mozambique. Dzina lathu pa mndandandawo palibe.

Komabe khomo silinatsekedwe. Zonse zimene LIGO, Virgo ndi KAGRA ya ku Japan zagwira, kugundana mazana angapo tsopano, amaziika poyera pa intaneti pakapita nthawi, kudzera ku Gravitational Wave Open Science Center, ndipo aliyense amene ali ndi laputopu ndi bandulo akhoza kuzitsitsa n'kuziwerengera yekha. Masamu safuna chipaipi cha makilomita 4. African Institute for Mathematical Sciences, imene Neil Turok anayambitsa ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town mu 2003, imatenga achinyamata a mu Africa yense amene amaliza digiri yoyamba. Ndipo bungwe la za mumlengalenga la ku Ulaya linavomereza mu January 2024 kumanga LISA, zombo zitatu zomvera kugwedezeka kwa malo, zouluka motalikirana makilomita 2.5 miliyoni, zimene akukonza kuzitumiza cha mu 2035. Pofika chaka chimenecho, ana anga a Folomu 1 adzakhala ndi zaka za m'ma 20. Ndimawayang'ana m'mawa akulowa m'kalasi manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu, ena atayenda makilomita angapo osadya kanthu, ndipo sindiona chifukwa choti mmodzi wa iwo asadzakhale pakati pa omvetserawo.

Ng'oma yomaliza imene agogo anasema ili kwa amayi anga. Teremu yapitayi ndinakaibwereka, ndinaimangirira pa njinga n'kubwera nayo kusukulu. Tinakoleza moto kuseri kwa kalasi n'kuiwamba, monga ndinkaonera agogo akuchitira, mnyamata wina akugogoda ndi chala mpaka chikopa chitakungika. Pa foni yanga ndinaika pulogalamu imene imajambula kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mnyamatayo atamenya kamodzi, pa foni panatuluka mzere wonenepa m'munsi, ndi ina yopyapyala pamwamba pake imene inazilala msanga, wa m'munsiwo utatsala. Tinamata phula pakati pa chikopa n'kumenyanso. Mzere uja unatsika, ana onse anauona.

Belu litalira anzake anathamangira panja, koma mtsikana uja wa funso la mpweya anatsala. Anali atalemba manambala onse awiri m'kope mwake, loyamba ndi lachiwiri. Anandifunsa ngati kusukulu kuno kuli sikelo yaing'ono yoti n'kupimira phula. Ndinamuuza kuti ilipo m'kabati ya ku labu.

"Ndiye mawa tiike phula lina, aphunzitsi, koma tilipime kaye," anatero. "Ndikufuna ndiwerengere pamene mzerewo ukaime tisanamenye."